Kaphiri ka Jefferson: zolemba za ulendo wa ku Virginia

Lachinayi, Washington

Mwana wanga watenga tchuthi kuntchito. Dzana anandifunsa kuti, "Ababa, mwatha miyezi iwiri kuno ku Maryland muli bindikiro m'nyumba. Tikakuonetseni kuti musanabwerere kumudzi?" Ndinayankha osaganiza kawiri kuti ndikufuna kukaona kwawo kwa Thomas Jefferson, pulezidenti wachitatu wa America. Zaka zonse zimene ndinagwira choko ku sekondale, ndikafika pa mutu wa ufulu wachibadwidwe ndinkalemba mawu ake pa bolodi: anthu onse analengedwa ofanana. Ana ankakopera, ine n'kufufuta. Tsopano ndikufuna kuona pamene mwini mawuwo ankagona ndi kudzuka.

Tayamba ndi National Archives, nyumba yosungira zikalata za boma. Chikalata cha 1776 cholengeza ufulu wa America chili m'chipinda cha kamdima, m'galasi, alonda ali chilili pambali. Inki yafwifwa moti mawu ambiri sawerengeka. Jefferson anali ndi zaka 33 zokha pamene ankalemba chikalatachi ku Philadelphia, ndipo amene ankamutumikira m'nyumba ya lendiyo anali mnyamata wa zaka 14, kapolo wake, dzina lake Robert Hemings. M'zolemba zake zoyamba Jefferson anaikamo ndime yodzudzula Mfumu George III chifukwa cha malonda a akapolo, koma nthumwi zinzake zinaichotsa. Mdzukulu wanga wa zaka 10 anangoyang'ana kamodzi n'kundifunsa ngati pepalalo ndi lenilenilo. Ndinati inde, ndi lomwelo.

Masana tinapita ku Library of Congress, laibulale ya nyumba ya malamulo ya America. Asilikali a Britain atatentha nyumba ya malamulo mu 1814, mabuku a laibulaleyi n'kupsera momwemo, Jefferson anagulitsa ku boma mabuku ake 6,487 pa mtengo wa madola 23,950. Moto wina wa 1851 unadya ambiri mwa iwo, koma otsala aikidwa m'mashelefu a galasi ozungulira, ndipo pamene buku silinapezeke pali kabokosi kolembedwa mutu wake. Apa ndinamukonda munthuyu, sindibisa. Zamalamulo, zaulimi, masamu, nyimbo, zomangamanga, zinenero, zonse ankazifuna. Analinso ndi Korani yomasuliridwa m'Chingelezi, imene anagula ali mnyamata, ndipo mu 2007 Keith Ellison, Msilamu woyamba kusankhidwa kukhala phungu wa nyumba ya malamulo ya America, anaigwira polumbira. Ndinakumbuka anansi athu a Chiyao kwathu ku Chiradzulu amene timaitanirana Idi ndi Khirisimasi.

Dzuwa likupendeka tinafika pa chipilala cha Jefferson m'mbali mwa dziwe la Tidal Basin. Anachitsegulira Pulezidenti Roosevelt pa 13 Epulo 1943, tsiku limene Jefferson akanakwanitsa zaka 200. Fano lake ndi lalitali pafupifupi mamita 6. Ukaima pa masitepe, tsidya lina la madzi ukuona chipilala cha Martin Luther King, amene mu 1963 anatenga mawu omwewa a 1776 n'kuuza dziko lonse kuti imeneyi ndi ngongole imene America sanabweze kwa anthu akuda. Mawu a akuluakulu akoma akagonera, koma awa anagonera nthawi yaitali zedi.

Kunja kukutentha ngati ku Nsanje mu Okutobala, chikhalirecho ndi Julaye. Kwathu pano anthu ali m'majuzi.

Lachisanu, Charlottesville

Tanyamuka m'mawa pa msewu wa 29 kulowera kummwera. Maola awiri ndi theka, minda ya udzu, ng'ombe, mahatchi, mapiri a Blue Ridge kudzanja lamanja. Dothi la kuno ndi katondo wofiira ngati wa ku Thyolo.

M'galimoto mdzukulu anandipempha kuti ndimuuze zimene Jefferson anachita ali pulezidenti, poti kusukulu amangomudziwa ngati nkhope ya pa kandalama ka masenti asanu. Ndinamuuza kuti anali wachitatu, pambuyo pa George Washington ndi John Adams, kuyambira 1801 mpaka 1809. Chisankho cha 1800 chinali cha mnanu: iye ndi Aaron Burr anafanana mavoti 73, ndipo aphungu anavota maulendo 36 asanamusankhe. Koma Adams anachoka pampando popanda mfuti kulira, chipani china n'kulowa. Ife amene tinaona 1994 tikudziwa kuti chimenechi si chinthu chapafupi. Jefferson nayenso atatha matemu awiri ananyamula katundu wake n'kubwerera kumunda.

Chachikulu pa ulamuliro wake chinali kugula dera la Louisiana kwa France mu 1803 pa madola 15 miliyoni, dziko n'kukula kawiri. Napoleon anagulitsa chifukwa asilikali ake anali atathera ku Haiti, kumene akapolo anagalukira ambuye awo n'kupambana. Komatu Haiti itadzilamulira mu 1804, boma la Jefferson linakana kuizindikira, ndipo America inadzatero mu 1862. Dera logulidwalo linalinso ndi eni ake, mitundu ya anthu amene anakhalamo kuyambira makedzana, ndipo palibe anawafunsa. Mu 1807 anasaina lamulo loletsa kuitanitsa akapolo kuchokera kunja kuyambira pa 1 Januwale 1808. Kugulitsana akapolo m'dziko momwemo kunapitirira, n'kukulirakulira.

Madzulo tayendera University of Virginia, imene anaiyambitsa mu 1819 ali nkhalamba, ophunzira n'kuyamba kulowa mu 1825. Pamene mayunivesite a nthawiyo ankaika tchalitchi pakati, iye anaikapo laibulale, nyumba yozungulira yotchedwa Rotunda, ndipo zipinda za aphunzitsi ndi ophunzira zandandalika uku ndi uku kuyang'anizana pa kapinga. Mphunzitsi aliyense angasirire. Koma chakumunsi pang'ono kuli khoma la mwala lozungulira, lomalizidwa mu 2020, lokumbukira akapolo pafupifupi 4,000 amene anaumba njerwa, kumanga, kuphika ndi kuchapira ophunzira. Munthu aliyense ali ndi kamzera kake kogobedwa pamwala. Pena pali dzina, pena pangolembedwa kuti wophika, pena mayi, pena agogo. Timizera tambiri tilibe kanthu. Mwana wanga, amene salira wamba, anatsalira m'mbuyo akusisita timizerato ndi chala.

Loweruka, Monticello

Lero ndiye tsiku limene ndinabwerera. Ndilemba zambiri, mundipirire.

Monticello m'Chitaliyana ndi kaphiri. Jefferson anabadwira m'munsi mwake, ku Shadwell, mu 1743, ndipo anayamba kusalaza nsonga ya phiri mu 1768. Nyumbayi anaijambula yekha, anaimanga, anaigumula mbali ina atabwera kuchokera ku France kumene anali kazembe, n'kuimanganso mpaka cha mu 1809. Otitsogolera amati ndi nyumba imene Jefferson anamanga. Mutu umodzi susenza denga. Njerwa zinaumbidwa pomwepa, ndipo matabwa ambiri okongola a m'kati anawapala John Hemmings, kalipentala amene anali kapolo.

Ukangolowa, pamwamba pa chitseko pali wotchi yaikulu yoyenda sabata yathunthu. Imayendera zitsulo zolemera zonga mipira zimene zimatsika pang'onopang'ono m'ngodya za chipinda, ndipo pakhoma palembedwa masiku, kuti pamene pafika chitsulo ndiye tsiku lake. Khoma linachepa, choncho anaboola pansi, Loweruka lili m'chipinda chapansi. Mdzukulu anagwada n'kusuzumira pa bowolo. M'chipinda chake chowerengera muli makina a zolembera ziwiri: ukamalemba ndi chimodzi, chinacho chikukopera pa pepala lina. Ndi chifukwa chake makalata ake pafupifupi 19,000 akudziwika. Bedi lake lili m'khoma, pakati pa chipinda chogona ndi chowerengera, kuti akadzuka atsikire mbali imene akufuna.

M'chipinda chodyera ndi mmene mtima wanga unayamba kusintha. M'mbali mwa potenthetsera moto muli timakabati tobisika, tokhala ndi chingwe, tokweza mabotolo a vinyo kuchokera pansi. Palinso chitseko chozungulira chokhala ndi mashelefu: wantchito amaika mbale kuseri, n'kuchitembenuza, chakudya n'kutulukira kwa alendo. Anzathu amene tinali nawo pagulu ankachita chidwi ndi luso lake. Ine ndinaona kuti lusolo linkathandiza kuti alendo adye, amwe, akambirane za ufulu, manja amene akuwatumikira asakuoneka kwenikweni. Khitchini, mosungira vinyo, mofukizira nyama, zonse zili m'makonde a pansi. Ukaima pa kapinga kutsogolo kwa nyumba suziona.

Tinatsikira kukhitchiniko. Pali mbaula za njerwa zandandalika, chilichonse ndi bowo lake la makala, ndi mapoto a mkuwa ochokera ku France. James Hemings anaphunzira kuphika kwa akatswiri a ku Paris, ndipo Jefferson anamumasula mu 1796, koma atayamba waphunzitsa mng'ono wake Peter kuti alowe m'malo mwake. Pambuyo pake khitchini inali m'manja mwa Edith Fossett. Dzina limeneli mulisunge, ndibwererako.

Kenaka tinapita ku Mulberry Row, kamsewu kam'mbali mwa nyumba kumene kunali tinyumba ta akapolo ndi mogwirira ntchito. Pa moyo wake wonse Jefferson anali ndi akapolo oposa 600, ndipo pa Monticello pankakhala pafupifupi 130 nthawi imodzi, pa munda wa maekala 5,000. Poyamba ankalima fodya, kenaka anasinthira ku tirigu nthaka itaguga. Phoso la munthu wamkulu pa sabata linali ufa wa chimanga wosakwana theka la ndowa, kanyama ka nkhumba kokwana theka la paundi, ndi nsomba zamchere zinayi. Kuti akhute, anthu ankalima timadimba tawo usiku ndi Lamulungu, kuweta nkhuku, n'kumagulitsa mazira ndi ndiwo kunyumba ya bwana yomweyo. M'munsi mwa kamsewuka muli dimba lalitali mamita 300, ndipo lero ndaonamo therere, khobwe, chitowe ndi maungu. Ndinawerama n'kugwira tsamba la therere. Mbewu zina mwa izi zinawoloka nyanja pamodzi ndi anthu ochokera ku Africa.

Pamene panandiimitsa nthawi yaitali ndi pa malo a chipala cha misomali. Anachiyambitsa mu 1794. Ogwira ntchito anali anyamata a zaka 10 mpaka 16, aliyense ndi nyundo yake, kuyambira mbandakucha mpaka dzuwa kulowa, pa moto wa makala, kudula chitsulo, kusongola, kuphwanya mutu, misomali masauzande angapo pa tsiku. M'zaka zoyambirira Jefferson ankabwera yekha ndi sikelo. Ankayeza chitsulo chimene mnyamata walandira, madzulo n'kuyeza misomali imene wasula, n'kulemba m'buku kuti uyu wawononga chitsulo chochuluka bwanji. Wotitsogolera anapereka msomali wosula pamanja kuti tiugwire. Ndi wa ngodya zinayi, wokhakhala, mutu wake wopendekeka. Unafika m'dzanja la mdzukulu wanga, ndipo iye anandiyang'ana n'kunena kuti, "Agogo, ndiye kuti ine ndikanayamba chaka chino?" Ndinangomugwira paphewa.

Mmodzi mwa anyamatawo, James Hubbard, anathawa kawiri. Atagwidwa ulendo wachiwiri mu 1812, Jefferson analemba yekha m'kalata kuti analamula kuti akwapulidwe kolimba anzake akuona. Anali atamugulitsa kale asanagwidwe.

Chimene chikundiwawa si chakuti anali munthu wa nthawi yake, monga ambiri amanenera pofuna kumuchepetsera mlandu. Munthuyu ankadziwa. Analemba kuti amanjenjemera akaganizira dziko lake pokumbukira kuti Mulungu ndi wolungama. Mu 1820 analemba kuti ukapolo uli ngati kugwira mmbulu kukhutu, kuugwirabe sungathe, kuusiya n'koopsa. Koma dzanja lomwelo linalemba kuti akuganiza kuti anthu akuda ndi operewera nzeru poyerekeza ndi azungu, ndipo linawerengetsa phindu limene amapeza akapolo ake akamabereka. George Washington analemba mu wilo yake kuti akapolo ake adzamasulidwe. Njira inalipo, ndipo Jefferson anaiona.

Pansi pa khonde la kummwera pali kachipinda kopanda zenera kamene kuyambira 2018 kamafotokoza za Sally Hemings. Mkazi wa Jefferson, Martha, anamwalira mu 1782. Sally ndi Martha anali a bambo mmodzi, John Wayles, amayi osiyana. Mwa chibale chathu Sally anali mlamu wake wa Jefferson, koma analowa pakhomopo ngati katundu wa chuma chamasiye. Mu 1787, ali ndi zaka 14, anamutumiza ku Paris kuperekeza mwana wamkazi wa Jefferson. Bamboyo anali ndi zaka 44. Ku France Sally akanatha kupempha ufulu kukhoti, ndipo mwana wake Madison anafotokoza mu 1873 kuti mayi ake anavomera kubwerera ku Virginia atalonjezedwa kuti ana awo adzamasulidwa akadzakwanitsa zaka 21. Anabereka ana asanu ndi mmodzi, anayi n'kukula: Beverly, Harriet, Madison ndi Eston. Kwa zaka pafupifupi 200 olemba mbiri ambiri ankati mawu a banjali, akuti bambo wa anawo anali Jefferson, ndi bodza. Kuyeza kwa DNA kwa 1998, pamodzi ndi zolemba za Jefferson zosonyeza kuti ankakhala ali pakhomo nthawi iliyonse imene Sally ankaima, kunachititsa bungwe losamalira Monticello kuvomereza kuti anawo anali ake.

Lamulo la Virginia la 1662 linkati mwana amatsata mayi: mayi akakhala kapolo, mwana ndi kapolo, kaya bambo ndi ndani. Kwathunso mwana ndi wa kuchikazi, koma cholinga chake n'chakuti akhale ndi mbumba, akhale ndi malume womuyankhulira, akhale ndi pamudzi pake. Kuno anatenga chinthu chomwecho n'kuchisandutsa msampha, kuti bwana akabereka mwa kapolo wake chuma chake chichuluke.

Tinamalizira kumanda. Jefferson anamwalira pa 4 Julaye 1826, tsiku limene chikalata chake chinkakwanitsa zaka 50, ndipo John Adams anamwalira tsiku lomwelo. Mawu a pa chiliza anasankha yekha: mlembi wa chikalata cha ufulu wa America, mlembi wa lamulo la Virginia la ufulu wachipembedzo, tate wa University of Virginia. Za upulezidenti sanazitchule. Lamulo lachipembedzolo, limene linavomerezedwa mu 1786, ndimalilemekeza ndi mtima wonse, chifukwa linaletsa boma kukakamiza munthu kupemphera kapena kusonkhera mpingo umene sakuufuna. Alendo amaponya timakobidi kudzera pa mpanda wachitsulo. Manda a akapolo ali kumunsi, pafupi ndi poimika magalimoto, anthu oposa 40, ena ali ndi mwala wamba kumutu, wopanda dzina. Ndinavula chipewa. Mwana wanga anayambitsa nyimbo ya pamaliro chapansipansi, ine n'kulandira.

Loweruka usiku

Tulo tasowa, ndiye ndilembe za Edith Fossett.

Jefferson anamwalira ndi ngongole yoposa madola 107,000. Vinyo, mabuku, kumanga kosatha, ngongole za apongozi ake, ndi ina imene anasainira mnzake. Mu wilo yake anamasula amuna asanu okha, onse a banja la Hemings. Mmodzi anali Joseph Fossett, mmisiri wosula zitsulo, amene anayambira pa misomali paja. Mkazi wake Edith ndi ana awo sanamasulidwe. Nyuzipepala inalengeza kuti katundu wa malemu agulitsidwa pa okushoni pa Monticello: mipando, ziweto, zipangizo za kumunda, ndi anthu 130. Mawu akuti okushoni ine ndimawadziwira ku Limbe, mabelo a fodya atandandalikidwa, ogula akuyenda mumzere, kutola tsamba, kulinunkhiza, kutchula mtengo. Joseph anaima pa kapinga uja akuona mkazi wake ndi ana ake akutchulidwa mitengo, kupita kwa ogula osiyanasiyana. Anagwira ntchito ya chipala zaka zambiri n'kuwombola mkazi wake ndi ana ena, n'kusamukira ku Ohio. Mwana wawo Peter, amene anagulitsidwa ali ndi zaka 11, anakhala kapolo mpaka 1850.

Okushoniyo inayamba pa 15 Januwale 1827. Nditaona detilo thupi linachita tsemwe, chifukwa kwathu 15 Januwale ndi tsiku la Chilembwe, ndipo mawa tikupita kumene iye anaphunzira.

Lamulungu, Lynchburg

Ulendo umene Jefferson ankayenda masiku atatu pa ngolo ya mahatchi ife tauyenda ola limodzi ndi theka. Poplar Forest ndi munda wake wachiwiri, umene unabwera ndi chuma cha apongozi ake mu 1773. Mu 1806 anayamba kumangapo nyumba ya ngodya zisanu ndi zitatu yothawirako alendo. Ndi yokongola, yodzaza kuwala. Fodya wa pamundawu ndiye ankalipira ngongole zambiri. Sitinakhalitse, dzulo landikwana.

Kuchoka pamenepo, mphindi zosakwana 30, tinafika pa Virginia University of Lynchburg. Kale inkatchedwa Virginia Theological Seminary and College. Anaiyambitsa mu 1886 ndi Abaptisti akuda, ambiri mwa iwo obadwira muukapolo, patangotha zaka 21 ukapolo utathetsedwa mu 1865. John Chilembwe anafika ku America mu 1897 ndi mmishonale Joseph Booth, n'kudzaphunzira pano pa nthawi imene mkulu wa sukuluyi anali Gregory Hayes, munthu wolimbikira kuti anthu akuda aziyendetsa okha sukulu ndi mipingo yawo. Mu 1900 anabwerera kwathu ali mbusa n'kukayambitsa PIM ku Mbombwe. Zimene anakapeza pa minda ya A. L. Bruce ku Magomero tonse tikuzidziwa: thangata, kugwira ntchito pa munda wa mzungu kuti ukhale pa nthaka ya makolo ako, zikoti, matchalitchi kutenthedwa. Agogo anga ankanena za thangata motsitsa mawu, ngakhale azunguwo atapita kalekale.

Ndi sukulu yaing'ono, pa kachitunda, nyumba zochepa za njerwa zofiira. Lero kunali zii, poti ndi Lamulungu komanso nthawi ya holide. Palibe mizere ya alendo, palibe basi yokweza anthu ngati ku Monticello. Ndinayenda pang'onopang'ono pa kapinga ndikuganiza za mnyamata wa ku Chiradzulu akuyenda pano m'nyengo ya chisanu, pakati pa anthu amene makolo awo anagulitsidwa pa okushoni, akumva mmene iwo ankatengera mawu a 1776 n'kuwabweza kwa eni ake kuti, mwalemba nokha, kwaniritsani.

M'chaka chomwecho cha 1900, Chilembwe akukwera sitima ya pamadzi kubwerera kwathu, Peter Fossett anakweranso kaphiri ka Monticello kudzaona pamene anabadwira. Anali ndi zaka 85, mbusa wa Baptist wa ku Cincinnati, ndipo anamwalira chaka chotsatira.

Tisanakwere galimoto ndinatulutsa K500 imene yakhala m'chikwama changa chichokereni ku Chileka, n'kumupatsa mdzukulu. Iye anapisa m'thumba n'kutulutsa kandalama ka masenti asanu, kumaso Jefferson, kuseri nyumba ya dzulo ija. Anaziika pamodzi pa chikhatho n'kufunsa kuti, "Agogo, awa a pa kwachawa anaphunzira pompano zoona?" Ndinati pompano. Anafunsanso ngati ku PIM n'kutali ndi kumudzi kwathu, ndipo amayi ake anamuuza kuti pa njinga ndi ola limodzi, adzapita naye Disembala.

Tili pa msewu wa 29 kubwerera ku Maryland, mwana wanga akuyendetsa, mnyamata wagona. Ndatumiza pa WhatsApp zithunzi za dzulo kwa mmodzi mwa ana amene ndinawaphunzitsa, amene pano ndi mphunzitsi wa histole. Wayankha kuti, "Aphunzitsi, munditumizire maina awo molondola, ndikawalembe pa bolodi Lachiwiri." Ndayamba kumulembera: Robert Hemings, James Hemings, Sally Hemings, John Hemmings wa ma m awiri, James Hubbard, Joseph ndi Edith Fossett, Peter Fossett wa zaka 11.